Mayina a Thambo: Ng'oma ya Dziko Losabadwa

Gu! Gu! Gu-gu-gu! Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike, phula ligwire. Amayi a ndolo, imani chakuno. Inu a mapenenga, yambani mwadikira pansi pa mango, nthawi yanu ikubwera. Zikomo a Kyungu, eni phiri la Mbande, okhala pa mpando womwe anasiya Syora. Ndagha, Mwalafyale. Zikomo a Kilupula ndi a Mwakaboko kumpoto, zikomo a Wasambo ndi a Mwirang'ombe kumwera. Tabwera ndi Chichewa chathu pa bwalo la eni, ndipo tikupempha malo oti tiikepo ng'oma.

Ndiwe Karonga, Msunga-mafupa, Mphasa-ya-mpunga, Khomo-la-kumpoto, Wotentha-osapserera. Ndiwe Mwini-Rukuru, Mwini-Lufilya, Mwini-Wovwe, wogawana Songwe ndi anansi a ku Tanzania. Dzuwa lako limatulukira pamwamba pa mapiri a Livingstone kutsidya kwa nyanja, likalowera ku zitunda za ku Chitipa. Pansi pa dothi lako pagona maiko omwe anatha kalekale. Ku Mwakasyunguti kunatuluka Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chomwe chinkadya masamba zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo lero chaima m'nyumba yosungiramo mbiri yomwe inatsegulidwa pa boma mu 2004. M'dera lomwelo munachokera Karongasaurus, amene anamutcha dzina ndi mwana wa dziko lino, Elizabeth Gomani, mu 2005. Ku Uraha mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wa zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Kwa Mwanganda, Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi miyala yosemedwa ndi manja a anthu. Iwe wosunga maiko akufa, ungakanike bwanji kubereka dziko lamawa?

Pakuti ng'oma ya lero si ya mfumu yolowa ufumu, si ya mkwati. Ndi ya dziko lomwe kulibe, lomwe likadali m'mutu mwa mtsikana wa ku Chilumba ndi mnyamata wa ku Kaporo amene akulemba nthano kumapeto kwa kope la masamu. Ndiwe Dziko-losabadwa, Mwana-wa-cholembera, Wopanda-mapu, Wodikira-dzina. Mlembi wako wakupatsa kale mapiri, wakupatsa mafumu okangana ndi mitsinje yosefukira. Koma olemba ambiri akafika kumwamba mphamvu zimakhala zawathera. Amapachika dzuwa limodzi, amawaza nyenyezi, n'kunena kuti ntchito yatha. Ine ndikukana. Pamwamba pa dziko lililonse pali misewu, pali mabwalo, pali madooko, pali malire ndi manda, ndipo zonsezo zimalamula chimene munthu wapansi adye ndi tsiku limene akwatire. Tamvera, mphwanga, ndikutchulire eni thambo mmodzimmodzi, kuyambira woyandikira.

Ndi-ndi! Ndi-ndi-ndi! Woyamba ndiwe Mpweya, Chofunda-cha-dziko, Mayi-wa-mwera, Mayi-wa-mpoto, Mtentha-miyala, Wochepa-koma-mlonda. Anthu amayesa ndiwe wamkulu, chonsecho akatswiri ambiri amaika malire ako pa makilomita 100 okha. Tengani msewu wa ku Karonga kupita ku Chitipa muuimike chilili, nsonga yake ikhala itagunda kale khomo la mlengalenga. M'kachigawo kameneko ndi momwe muli mvula yonse, mphenzi zonse, mpweya wonse womwe anapumapo Malawisaurus ndi womwe tikupuma ife. Miyala yochokera kutali ikalowa mwa iwe pa liwiro loopsa imayaka n'kusanduka phulusa, ndipo ana amaloza n'kumati nyenyezi yathothoka. Ina imakupyola. Mu 1988 chitsulo chinagwa kuchokera kumwamba ku Chisenga m'boma la Chitipa. Kutsidya kwa Songwe, ku Mbozi, kwagona chitsulo china cholemera matani pafupifupi 16, chomwe eni dera amachitcha Kimondo. Ndipo zaka 66 miliyoni zapitazo mwala wa makilomita pafupifupi 10 unagwera ku Mexico, mtundu wa zinyama zazikulu zija n'kutheratu. Tsono iwe mlembi, dziko lako ulifunditsa chofunda chotani? Ukalipatsa chopyapyala ngati cha pulaneti la Mars, anthu ako azikhala m'mapanga. Ukalipatsa mitambo yosatha ngati ya Venus, ndiye kuti sanaonepo nyenyezi chibadwire, alibe mawu ake, alibe nyimbo zake, ndipo tsiku limene mmodzi wa iwo adzaboole mitambo ndi tsiku limene chipembedzo chawo chidzagwedezeke.

Pha! Pha-pha! Gu! Wachiwiri ndiwe Msewu-wapansi, Wogwa-osafika, Mthamanga-usiku, Njira-ya-osagona. Chinsinsi chako n'chakuti chilichonse choyenda mwa iwe chikugwa. Chikugwadi, koma chikuthamangira cham'mbali pa makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene chikutsika nalonso dziko likupindika n'kuchizemba. Anayamba kukuponda ndi Sputnik pa 4 Okutobala 1957. Yuri Gagarin anakuzungulira kamodzi pa 12 Epulo 1961. Kuyambira Novembala 2000 sunakhalepo wopanda munthu, chifukwa m'chombo chachikulu cha maiko ogwirizana, chomwe chimayenda pa makilomita pafupifupi 400, anthu amalandizana osadukiza. Amazungulira dziko m'mphindi 90, ndipo dzuwa limawatulukira maulendo 16 pa tsiku limodzi. Imani pa gombe la Ngara kukangoda, masiku ena mudzachiona: kuwala kosaphethira, kodutsa thambo lonse m'mphindi zochepa.

Ndiwenso Wodzadza, Msika-wopanda-mkulu, Bwalo-losasesa. Mwa iwe mukuyenda masetilaiti a Starlink zikwizikwi, ndipo kuyambira 2023 intaneti yawo ikutsikira m'Malawi muno, mpaka kumalo kumene nthambo sizinafikeko. Zimenezo n'zabwino, ndipo tiziyamikire. Koma chimene chakwera sichisowa chikafa. Mu 1978 Donald Kessler anachenjeza kuti zinyalala zikachuluka zidzayamba kuswana zokhazokha, chidutswa kubala zidutswa, mpaka msewu kutsekeka. Mu Januwale 2007 dziko la China linaphulitsa setilaiti yake yakale, n'kusiya zidutswa zoposa 3,000 zooneka ndi makina. Pa 10 Febuluwale 2009 masetilaiti awiri, Iridium 33 ndi Kosmos 2251, anawombana pamwamba pa Siberia. Pa liwiro limenelo kachitsulo kochepa ngati njere kamaboola khoma. Mlembi, m'dziko lako amasesa msewu umenewu ndani? Amalipidwa zingati? Ana ake amadya chiyani akapanda kubwerera? Ine ndikadakhala iwe, nthano ndikanaiyambira pa wosesayo, osati pa woyendetsa chombo.

Wachitatu timutchule mwachangu, pakuti sakonda alendo. Ndiwe Malamba-a-moto, Mpanda-wosaoneka, amene James Van Allen anakuzindikira mu 1958. Muzu wako uli pansi pa mapazi athu, makilomita pafupifupi 3,000 m'mimba mwa dziko, kumene chitsulo chosungunuka chimatakasika n'kupanga mphamvu ya maginito. Mphamvu imeneyo imakola tizinthu taukali tochokera ku dzuwa, n'kutimanga m'malamba awiri ozungulira dziko. Umatiteteza ife apansi, koma wokhalitsa mwa iwe amadwala, ndipo makina ake amafa. Anthu a Karonga safunika kuuzidwa kuti nthaka ili ndi moyo. Anagona panja mu Disembala 2009 zivomerezi zitagwetsa nyumba. Dziko lozizira m'mimba siligwedezeka kwenikweni, koma lilibenso mpanda umenewu. Sankha, mlembi.

Gu-gu! Gu-gu! Nthungululu, amayi, pakuti tafika pa bwalo la akuluakulu! Ndiwe Bwalo-la-okhazikika, Mpando-wosasuntha, Diso-losaphethira, Wothamanga-ali-chiimire. Uli pa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wodula dziko pakati, ndipo wokhala pa iwe amazungulira kamodzi pa tsiku, mofanana ndi dziko lenilenilo, moti kwa ife amaoneka kuti waima. N'chifukwa chake dishi ya pa denga la sitolo ku Uliwa imaloza malo amodzi chaka ndi chaka. Kuchokera pa iwe, masetilaiti a zanyengo anamuona namondwe Freddy akuwoloka nyanja ya India kwa masabata, asanafike kudzagumula mapiri a kumwera mu Malichi 2023. Ndipo tamvera bwino apa, mphwanga: amene anakulengeza ku dziko lonse anali wolemba nthano. Arthur C. Clarke analemba mu 1945 kuti masiteshoni atatu oikidwa pa bwaloli angathe kufalitsa mawu pafupifupi pa dziko lonse. Nthawi imeneyo kunalibe setilaiti ngakhale imodzi. Mu 1964 Syncom 3 inakhala pa mpandowo, n'kutumiza zithunzi za masewero a Olimpiki kuchokera ku Tokyo. Clarke sanalote chabe, anachita masamu. Dziko lako likamazungulira pang'onopang'ono, bwaloli limathawira kutali. Likakhala lopepuka, bwaloli limayandikira: ku Mars lili pa makilomita pafupifupi 17,000. Ku Venus, komwe kuzungulira kamodzi kumatenga masiku 243 athu, mpando wotere palibe.

Koma mipando ya pa bwaloli ndi yowerengeka, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawira. Amagawa malo ndi bungwe la ITU ku Geneva, ndipo kwa zaka zambiri wofika msanga ndiye ankakhala. Pangano la 1967 limati palibe dziko lomwe lingatenge Mwezi kapena mlengalenga kukhala zake. Mawuwo ndi okoma, koma wopanda chombo amangowamva. Mu Disembala 1976 maiko 8 okhala pa mzere wapakati uja, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Congo ndi Zaire, anakumana ku Bogotá n'kunena kuti chigawo cha bwalo chomwe chili pamwamba pa mitu yawo ndi chuma chawo. Maiko a zombo sanawamvere. Mwana wa Karonga nkhani imeneyi saiphunzira m'buku. Malire a nyanja yomwe amasambamo analembedwa ku Ulaya mu 1890, pa pangano la Angerezi ndi Ajeremani, ndipo mpaka lero akukanganitsa abale. Malire a ku Songwe amasuntha mtsinje ukasintha njira, munda wa munthu n'kugona m'Malawi, kudzuka uli ku Tanzania. Amene wakulira pa malire oyenda ndi amene angalembe bwino za malire a kumwamba, kumene chilichonse chikuyenda.

Ndiwe Dooko, Pakamwa-pa-dziko, Mlandira-alendo, Wodyetsa-ndi-kudya. Zombo zimakonda kunyamukira pafupi ndi mzere wapakati, chifukwa pamenepo dziko limathamangira kum'mawa pa makilomita pafupifupi 1,670 pa ola, n'kukankha chombo kwaulere. N'chifukwa chake Aitaliya anamanga nsanja m'nyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, ndipo pa 12 Disembala 1970 setilaiti yotchedwa Uhuru inanyamukira pamenepo. Karonga ali pa madigiri 10 okha kumwera kwa mzerewo. M'nthano yako, tauni yotere ingathe kukhala khomo la dziko lonse. Koma usaiwale chimene dooko limakoka. Karonga anali kale dooko. Kampani ya African Lakes inamanga sitolo pano mu 1884, msewu wa Stevenson unkayambira pano kulunjika ku nyanja ya Tanganyika, minyanga inkatsikira pano. Ndipo pomwepo Mlozi anamanga malinga ake ku Mpata, katundu wake n'kukhala anthu, kufikira ananyongedwa mu Disembala 1895. M'masiku athu ano mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, miyala ya yureniyamu n'kumapita kunja kukayatsa magetsi a maiko ena, ndipo mu 2014 unayamba waima mitengo itagwa pa misika yomwe wokumba sanaionepo. Choncho ukamanga dooko la zombo, undiuze: chikukwera n'chiyani, chikutsika n'chiyani, ndipo mudzi womwe unali pamalopo unapita kuti? Nthano yobisa zimenezi yandinamiza.

Apa igunde ndingala. Du! Du! Du! Ndiwe Manda-a-kumwamba, Msitu-wopanda-mitengo, Kosabwerera. Setilaiti ya pa bwalo la okhazikika ikakalamba, eni ake amaisungira mafuta otsiriza oti ikwere nawo makilomita ena pafupifupi 300, ichoke pa njira ya amoyo, ikagone ndi anzake. Zina za m'munsi amazigwetsera m'nyanja ya Pacific, kutali ndi anthu, monga anachitira ndi chombo cha Mir mu Malichi 2001. Ngakhale zitsulo zili ndi mwambo wa maliro. Nanga anthu ako, mlembi, obadwira m'zombo osapondapo dothi, akamwalira amaikidwa kuti? Adzukulu awo ndani? Mizimu yawo amaipepesera pansi pa mtengo uti?

Tsopano ng'oma zonse pamodzi, ndipo aliyense avule chipewa. Gu-ndi-gu! Gu-ndi-gu! Ndinu Mwezi, Agogo-a-usiku, Wonenepa-n'kuwonda, Wankhope-imodzi, Mwerengi-wa-amayi, Mdani-wa-nyali, Mwamuna-wa-mitala. Akuluakulu akumwera ankati muli ndi akazi awiri: Puikani wa kumadzulo, amene amakudyetsani mpaka kunenepa, ndi Chekechani wa kum'mawa, amene amakumanani mpaka kuwonda. Lero tikudziwa kuti akazi awiriwo ndi pulaneti limodzi, Venus, koma onani mmene makolo anaonera bwino: mwezi wongobadwa umakulira kumadzulo madzulo, mwezi wokalamba umathera kum'mawa m'bandakucha. Iwo anamanga nthano pa chinthu chomwe anachiyang'anitsitsa. Muli pa makilomita 384,400, mumabadwa mwatsopano pakatha masiku 29 ndi theka, ndipo chaka chilichonse mumatitalikira ndi masentimita pafupifupi 4. M'masiku a Malawisaurus munali pafupi pang'ono, ndipo tsiku linali lalifupi kuposa la lero.

Wofuna kudziwa mphamvu zanu asapite ku yunivesite, apite ku gombe. Inu mukakhala mumdima, nyanja yonse kuyambira ku Chilumba mpaka ku Kaporo imadzaza nyali. Siginala amakhala m'bwato lake ndi kuwala, usipa umasonkhana pansi pake, anzake amazinga ndi chilimira n'kukoka. M'mawa mathandala amadzaza, amayi ogula amapikisana, matumba amakwera galimoto za ku Mzuzu ndi Lilongwe. Koma inu mukawala thambo lonse, nyali zimasanduka zopanda pake, usipa umamwazika, maukonde amakhala pamtunda akusokedwa, ndipo ndiwo pa msika zimakwera mtengo. Ngongole ya msodzi, fizi ya mwana wake, ngakhale tsiku lomwe apite kukaona makolo, zonse zalembedwa pa nkhope yanu. Mpingo nawonso umakuyang'anani kuti udziwe Pasaka, Asilamu amakudikirani kuti ayambe ndi kumasula Ramadani.

Tsono mlembi amene wakonda miyezi iwiri chifukwa ikukongola pa chikuto cha buku, adziwe kuti walira mvula walira matope. Miyezi iwiri ndiye kuti usiku wa mdima weniweni ndi wosowa. Asodzi ako aziwerenga masiku amene yonse iwiri yabisala, ndipo masiku amenewo adzakhala a chikondwerero, kapena a ndewu pa nyanja. Wodziwa kuwerengera masikuwo adzakhala munthu wamkulu kuposa mfumu. Mayi woyembekezera aziwerenga mwezi uti? Pa nyanja zamchere, miyezi iwiri ikakokera kumodzi madzi adzalowa m'midzi. Jonathan Swift analemba m'nthano yake mu 1726 kuti Mars ali ndi miyezi iwiri, ndipo mu 1877 Asaph Hall anaipezadi. Umodzi mwa iyo, Phobos, uli pafupi kwambiri moti umazungulira Mars m'maola osakwana 8, umatuluka kumadzulo n'kukalowa kum'mawa. Taganiza mtundu wa anthu amene mwezi wawo umayenda chobwerera. Miyambi yawo ingakhale yotani? Kapena anthu ako uwaike pa mwezi penipeni, wozungulira chipulaneti chachikulu ngati Jupiter. Popeza mwezi wotere umaonetsa nkhope imodzi, a mbali ino adzakhala ndi chimphonacho chili pamutu pawo usana ndi usiku, pamene a mbali inayo sanachionepo, amangomva kwa apaulendo, ena n'kumatsutsa kuti kulibe.

Ndiwe Kadamsana, Usiku-wa-masana, Mgoneka-nkhuku, Mboni-ya-Angoni. Dzuwa ndi lalikulu kuposa Mwezi maulendo pafupifupi 400, komanso lili kutali maulendo pafupifupi 400, ndiye awiriwa amaoneka ofanana, wina n'kutha kuphimba mnzake ndendende. Mphatso imeneyi si dziko lililonse lili nayo. Unawadetsera Angoni a Zwangendaba pamene ankawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo chifukwa cha iwe olemba mbiri amadziwa mwezi ndi chaka cha ulendowo. Pa 1 Seputembala 2016 unadutsa ku Rujewa m'chigawo cha Mbeya, dzuwa n'kutsala kamkombero ka moto, ndipo kuno ku Karonga linadyedwa mbali yaikulu. Mlembi, anthu ako amawerengera mbiri yawo kuchokera pa mdima uti?

Ti-ndi! Ti-ndi-ndi! Ndiwe Mphete, Mkanda-wa-Saturn, Mwezi-wosweka, Wokongola-ndi-mangawa. Édouard Roche anawerengera mu 1848 kuti mwezi ukayandikira pulaneti mopitirira malire ena, mphamvu yokoka imaung'amba, zidutswa n'kumwazika mozungulira. Za ku Saturn zambiri ndi madzi oundana, zotambalala makilomita oposa 250,000, koma m'malo ambiri kuchindikala kwake ndi mamita makumi ochepa chabe. Aliyense wolemba amakusirira. Koma tiye tikuike pamwamba pa Karonga tione. Ukanaoneka ngati uta wopyapyala wowala, wochokera kutsidya kwa nyanja, wodutsa pamwamba chakumpoto pang'ono, wokathera ku mapiri a kumadzulo. Sukanasuntha, choncho woyenda pa nyanja sakanasochera. Koma usiku ukanawala, siginala n'kulira. Ndipo mthunzi wako umagwera mbali ya dziko yomwe ili m'nyengo yozizira, ndiye kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye madera ena akumwera kuno akanalandira dzuwa lofooka pamene akulifunitsitsa. Funsa mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Hara kapena ku Lufilya ngati angavomere. Masetilaiti nawo akanadutsa pati, msewu wapakati utadzaza miyala?

Ndinu Popumira-pasanu, Malo-a-Lagrange, pamene kukoka kwa Dzuwa ndi kukoka kwa dziko kumagwirizana ndi liwiro la chombo, moti chimatha kukhala osatha mafuta ambiri. Joseph-Louis Lagrange anakulembani mu 1772 ndi cholembera chokha. Pa amodzi a inu, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, pali makina oonera kutali a James Webb, omwe ananyamuka pa 25 Disembala 2021. Wolemba wanzeru amaika pamenepo msika, kapena ndende, kapena mudzi wa othawa nkhondo.

Ndipo kuseri kwa zonsezi ndinu eni mayina akale: Nthanda, Mdzutsa-alimi, Nsangwe, Kagulu-ka-dzinja, Akamwiniatsatana, oyenda mondondozana, Mlalang'amba, Msewu-woyera wodula thambo m'miyezi yozizira. Mayinawa sanabwere pa sitima. Anatchula ndi anthu omwe ankafuna kudziwa nthawi yosula makasu ndi nthawi yonyamuka ulendo. Ankhonde ali ndi awo, Atumbuka ali ndi awo, Alambya ali ndi awo, ndipo ambiri akupita kumanda pamodzi ndi agogo osalembedwa. Pa dziko lako la m'nthano nyenyezi zidzayalana mwina, choncho anthu ako adzazitcha okha, potengera zomwe amalima, zomwe amaopa ndi zomwe amaseka. Ukawapatsa thambo lodzaza mayina a Chigiriki, wawalanda pakamwa asanabadwe.

Gu! Gu! Tisatseke bwalo tisanatchule otsogola. Ndinu Edward Mukuka Nkoloso, Mphunzitsi-wa-ku-Zambia, Woloza-Mwezi, amene mu 1964, chaka cha ufulu wa dziko lanu ndi lathu, munasonkhanitsa achinyamata kunja kwa Lusaka n'kumawaphunzitsa za ulendo wa kumwamba, kuwagubuduza m'migolo chifukwa ndi zomwe munali nazo. Atolankhani akunja anabwera kudzaseka. Ine sindiseka. Munanena poyera kuti mwana wa mu Africa ali ndi gawo kumwamba, pa nthawi imene ambiri ankaopa ngakhale kuliganiza. Ndinu Namwali Serpell, amene munamuukitsa mkuluyu m'buku lanu la The Old Drift mu 2019. Ndinu Shadreck Chikoti, mwana wa kwathu, amene mu Azotus the Kingdom munatitengera ku Africa ya zaka 500 zikubwerazo. Ndipo zolota zija zayamba kuvala zitsulo: mu Novembala 2022 Zimbabwe ndi Uganda anatumiza masetilaiti awo oyamba, ndipo mu Epulo 2025 bungwe la zamlengalenga la Africa yonse linatsegulidwa ku Cairo. Mipando ikugawidwa panopa, ife tili maso.

Tsono ndatembenukira kwa iwe, mtsikana wa ku Chilumba, ndi iwe mnyamata wa ku Kaporo. Usayambe ndi mfumu ya nyenyezi. Yamba ndi mafunso a msodzi ndi mlimi: dziko lako limazungulira maola angati, miyezi ndi ingati, usiku wa mdima umabwera kangati, wogawa malo kumwamba ndani, wosesa ndani, wotsala pansi ndani. Tenga pensulo uwerengere, ukalephera ukafunse aphunzitsi a sayansi. Pita kwa agogo ako sabata ino ukalembe dzina lililonse la nyenyezi lomwe akulikumbukira, m'Kyangonde, m'Chitumbuka, m'Chilambya, m'Chichewa, ndipo nthanoyo uilembe m'chinenero chimene umalotera. Inu aphunzitsi a ku Chaminade, a ku Maghemo, a ku St Mary's, mukapeza dziko lachilendo kumapeto kwa kope la mwana, musang'ambe tsambalo, mufunseni kuti mwezi wake uli pa mtunda wotani. Inu a nyumba yosungiramo mbiri, amene mumaonetsa ana zaka mamiliyoni za m'mbuyo, atsegulireni khomo usiku umodzi pa mwezi aone za kumwamba. Ndipo inu a Radio Dinosaur ndi a Tuntufye FM, tapatulani mphindi 30 pa sabata, ana a Karonga aziwerenga okha nthano zawo pa wailesi.